Maola amene salowa m'kaundula

Lolemba m'mawa ndinapeza tebulo langa litadzaza ndi mafomu, ena opindika m'makona, ena othimbirira ngati anagona m'thumba la munthu mwezi wathunthu. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza asilikali, asilikali opuma ndi mabanja awo, ndipo gawo langa ndi la anthu odzipereka, aja timangowatchula kuti mavolontiya. Ndine ndimawalemba, kuwaphunzitsa, kuwagawira kopita ndi kuwapepesa zinthu zikasokonekera. Kamodzi pachaka ndimakonzanso mwambo wowathokoza. Timauchita Loweruka loyandikana ndi pa 5 Disembala, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula mu 1985 kuti anthu ogwira ntchito mosalipidwa azikumbukiridwa padziko lonse. Sabata imene ndikukamba pano ndi yothera pa Loweruka limenelo.

Kasankhidwe kathu n'kosavuta. Aliyense akagwira ntchito amalemba maola ake m'kaundula, ine ndimawonkhetsa, ndipo amene achulukitsa ndiwo amaitanidwa kutsogolo. Njirayi sitinaiyambe ndife. Ku America, mphotho ya pulezidenti ya anthu odzipereka, imene inakhazikitsidwa mu 2003, inaikidwanso pa maola: wamkulu akakwanitsa maola 100 pachaka ya buronzi, 250 ya siliva, 500 ya golide, ndipo wofika maola 4,000 pamoyo wake wonse ulemu wapadera. Ubwino wa maola ndi woti sakangana ndi munthu. Palibe angakuloze chala kuti wakondera mlamu wako kapena mnzako wopemphera naye. Ndakhala ndikubisala kuseri kwa manambalawa zaka zingapo, ndipo ndinkagona tulo tabwino.

Chaka chino pamwamba panali bambo ena amene anapuma ntchito yoyendetsa mabasi. Katatu pasabata amanyamula asilikali okalamba kupita nawo kuchipatala, n'kudikira pabenchi mpaka womaliza atalandira mankhwala. Kenako panali gulu la amayi amene mwezi wa Novembala amaima m'misewu ndi timabokosi ta maluwa ofiira a popi, aja okumbukira asilikali amene anafa pankhondo. Amayiwa ndimawauza chaka chilichonse kuti ntchito yawo anaiyambitsa ndi amayi anzawo: Moina Michael wa ku America, amene anayamba kuvala duwali mu Novembala 1918, ndi Anna Guérin wa ku France, amene anayendera mabungwe a asilikali akale m'maiko angapo kuwakopa kuti azigulitsa maluwa opanga pofuna kupeza thandizo. Bungwe la asilikali akale a ku Britain la British Legion linagulitsa koyamba mu 1921, chaka chomwe linabadwa. Amandimvetsera mwaulemu, kenako amafunsa ngati chaka chamawa tidzawagulire maambulera. Wachitatu anali mnyamata wa kuyunivesite amene amathandiza okalamba kulemba mafomu a penshoni.

Pansi pa mulu wonsewo panali envelopu yopanda fomu. Munali kalata yolemba pamanja, masamba anayi, yochokera kwa mkazi wa msilikali wina wopuma. Ankapempha kuti tithokoze mayi ena, mphunzitsi wopuma, amene ali m'kaundula wathu koma kumunsi kwenikweni. Ndinatsegula kaundula kuti nditsimikize. Maola awo a chaka chonse sanafike ngakhale pa amene bambo a galimoto aja amagwira pasabata ziwiri. Zimene zinali m'kalatamo sindizilemba pano, ndipo mumva chifukwa chake. Ndingonena kuti mwamunayo anabwerera kuchokera kumene anatumizidwa ali ndi thupi lonse, koma tulo anatisiya komweko, ndi kuti kwa miyezi yambiri, pakati pa usiku zinthu zikafika poipa, pamakhala nambala imodzi imene amaimba. Zochepa zimene ndalembazi mwini wake waziwerenga, ndipo wafufutamo mizere ina.

Ndinaiwerenga kawiri. Anzanga ataweruka ndinatsala ndekha n'kulemba mawu oyamikira oti adzawerengedwe pamwambo. Ndinachotsa dzina la mwamunayo, ndinasiya zina zonse: kumene anali, chaka chimene anabwerera, usiku wina umene mkazi wake anaufotokoza mwatsatanetsatane. Anali mawu abwino kuposa onse amene ndinalembapo pantchitoyi. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira mumtima.

Lachiwiri linathera pamiyendo. M'mawa ndinakatenga zishango kwa wozokota mayina, ndipo ndisanafike pakhomo ndinaona kuti dzina la bambo a galimoto aja lasowa chilembo chimodzi pakati. Wozokotayo anati cholakwa n'changa, ine ndinati n'chake. Tinatsegula uthenga umene ndinamutumizira, ndipo ndinatuluka mwakachetechete nditalonjeza kulipira kachiwiri.

Masana ndinaperekeza mnyamata wa mafomu uja kwa agogo ena amene penshoni yawo inaima. Vuto lake ndi lija timakumana nalo mwezi uliwonse: dzina la pachikalata chotulukira usilikali silifanana ndi la pachiphaso, chifukwa kalaliki amene anawalemba ali mnyamata analemba mmene anamvera. Agogowo chaka chobadwa anaiwala, mayina a adzukulu amawasakaniza, koma mnyamatayo atafunsa nambala yawo ya usilikali anawongola msana n'kuitchula yonse osapumira. Makalata atatu alembedwa kale pankhaniyi, tinalemba yachinayi. Ntchito ya mavolontiya ambiri ndi yotere, yopanda chojambula, ndipo si yachilendo. Mu 1885, asilikali a Britain akunyamuka kupita ku Egypt, Meja James Gildea analemba kalata m'nyuzipepala ya The Times kupempha ndalama ndi anthu odzipereka oti aziyendera mabanja otsala. Mmenemo ndimo munabadwira bungwe limene lero limatchedwa SSAFA. Zaka zoposa 130 zapita, koma ntchito idakali yomweyo: kugogoda pakhomo, kukhala pansi, kufunsa kuti pepala lija lili kuti.

Lachitatu kunali komiti. Wapampando wathu ndi Meja wopuma, munthu wosachedwa ndipo wosakonda ochedwa. Palinso msungichuma, mtsikana wofalitsa nkhani za bungwe, ndi mlangizi wathu wa zamaganizo, amene nthawi zambiri amakhala chete mpaka kumapeto. Tinadutsa mofulumira za mipando, zokuzira mawu ndi woimba lipenga. Kenako ndinapempha kuti chaka chino tiwonjezere mphotho imodzi yosayendera maola, ndipo ndinawerenga zimene ndinalemba Lolemba.

Nditamaliza, wofalitsa nkhani uja maso ake anali atalengeza misozi. "Achemwali, nkhani ngati imeneyi ndi imene timaisowa chaka chilichonse. Tiijambule kanema wamfupi, tiike pa Facebook. Anthu amapereka akamva za munthu, osati akaona manambala."

A Meja anali akugogoda tebulo ndi cholembera. "Mayi, ameneyu si sajeni uja wa..." ndipo anatchula gulu lake ndi chaka chimene anabwerera. Sanaphonye.

M'chipindamo munangoti zii. Mlangizi uja anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achemwali, mwachotsa dzina koma munthu mwamusiya momwemo."

Ndinamva kutentha kumaso. Asilikali ndi anthu odziwana. Amene anagona msasa umodzi amadziwa kuti wakuti anabwerera liti, amakhala kuti, ana ake ndi angati. M'holo ya Loweruka mukanakhala anthu makumi angapo amene akanamuzindikira ndisanamalize chiganizo chachiwiri, ndipo iyeyo akanakhala pomwepo, pakati pawo, akumva usiku wake woipitsitsa ukuwerengedwa pa zokuzira mawu, anthu n'kuwomba m'manja.

Wina angati manyazi otere ndi achikale. Ndi achikale ndithu, ndipo n'chifukwa chake ali ndi mizu. Mu 1915 dokotala Charles Myers analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za asilikali amene ankanjenjemera, kuiwala ndi kusiya kuona bwino ngakhale analibe bala looneka, ndipo anagwiritsa ntchito mawu akuti shell shock, poti ambiri ankaganiza kuti chochititsa ndi kuphulika kwa mabomba pafupi. Akuluakulu ambiri a nkhondo ankangoti ndi mantha. Pankhondo yoyamba yapadziko lonse, asilikali 306 a Britain ndi maiko amene anali pansi pake anawomberedwa ndi anzawo omwe pamilandu monga kuthawa ndi mantha, ndipo ena mwa iwo akuganiziridwa kuti ankadwala matendawa. Boma la Britain linawakhululukira mu 2006. Dzina limene madokotala amagwiritsa ntchito lero, PTSD, kutanthauza matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa, linalowa m'buku la madokotala a zamaganizo a ku America mu 1980, asilikali obwerera ku Vietnam atalimbikira kwa zaka. Madokotala anasintha mawu, koma m'mitima ya amuna ambiri amene ndimakumana nawo, chiweruzo chakale chija chikadali m'malo mwake. Munthu amalolera kuonetsa mwendo woikirira pagulu, koma osati kuvomera kuti chitseko chikamenyetseka amapezeka ali pansi pa tebulo.

Komabe a Meja sanalole kuti nkhani ithere pamenepo, ndipo ndikuvomera kuti mfundo yawo inali yolemera. "Kuusilikali mendulo siiyenda yokha," anatero. "Imabwera ndi chikalata chonena kuti munthuyu anachita chakuti, pamalo akuti, tsiku lakuti. Mukachotsa zimenezo mwatsala ndi kachitsulo. Mukaitana mayi amene maola awo ndi ochepa chonchi, osanena chimene anachita, amayi a maluwa aja adzati chiyani? Iwo anapsa ndi dzuwa mwezi wonse." Msungichuma anavomereza ndi mutu. Apa ndi pamene ntchito yanga imakanirira. Kuti uthokoze wothandiza moyenera, uyenera kunena chimene anachita, koma chimene anachitacho ndi nkhani ya munthu wina, ndipo munthuyo sanakupatse. Anapereka ndi mkazi wake, mwa chikondi, iye osadziwa. Tinagwirizana kuti pasatuluke liwu lililonse m'chipindamo, ndi kuti ndikaonane ndi mayiwo ndisanachite china chilichonse.

Lachinayi m'mawa ndinapita. Ananditsegulira ali ndi magalasi pamphumi. "Lowa, mwana wanga. Ukabwera wekha chonchi ndiye kuti ndalakwa china."

Ndinawafotokozera za kalata ija ndi za Loweruka. Anamvetsera mpaka kumapeto, monga amachitira aphunzitsi mwana akamanama.

"Ayi," anatero. "Mukandiimika kutsogolo anthu afunsa kuti gogoyu wachita chiyani. Ndiye muwayankha kuti chiyani?"

Ndinati funso limenelo ndi limene landibweretsa. Kenako ndinafunsa chimene chinkandivuta kuyambira Lolemba, kuti n'chifukwa chiyani maola a usikuwo sankawalemba m'kaundula.

Anaseka. "Ndilembe kuti chiyani? Fomu yako ili ndi malo akuti kumene munapita, ndi akuti ntchito imene munagwira. Ine sindipita kulikonse. Ndimakhala pabedi panga pomwepa, foni kukhutu, nthawi zina ola lathunthu munthu osalankhula, ndikungomva kupuma kwake. Akayamba kuyasamula ndimadziwa kuti tawoloka. Imeneyo uilemba kuti ntchito?"

Anandiuza kuti malemu amuna awo analinso msilikali, ndipo zaka zimenezo kunalibe nambala yoimba. Sanapitirize, ndipo sindinafunse.

Apa ndiyenera kunena mbali imene siindikometsa. Malamulo athu amati volontiya asapereke nambala yake kwa amene akumuthandiza, ndipo akaona kuti moyo wa munthu uli pangozi adziwitse ofesi kapena achipatala nthawi yomweyo, asasenze yekha. Lamulo limenelo ndinalemba ndine, ndipo ndi labwino. Liripo pofuna kuteteza onse awiri. Munthu wosaphunzira za uphungu akhoza kulakwitsa pa usiku umene kulakwitsa sikubwezeka, ndiponso womvetsera zoopsa usiku ndi usiku amayamba kudwala nazo yekha. Choncho ndinabwera kudzathokoza munthu amene, kunena mwachilungamo, ndinayenera kumudzudzula. Ndinawauza zimenezo mosazungulira.

"Usiku umene zinafika poopsa ndinaitana achipatala, ufunse," anayankha. "Sindine mwana. Koma tandiuza, foni ya kuofesi kwanu imayankhidwa mpaka nthawi yanji?"

Ndinati mpaka 5 koloko madzulo.

"Ndiye lamulo lako limagona 5 koloko, mwana wanga. Anthuwa sagona."

Ndinasowa poponda. Ndinayang'ana nkhope yawo bwinobwino, mwina koyamba chaka chonse, ndipo ndinaona kutopa kumene kaundula sanandionetse. Ndinafunsa kuti iwowo akamaliza kumvetsera amauza ndani. Anakhala chete, anavula magalasi aja pamphumi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu. Anati tulo tawo tinasokonekera kalekale, moti ngakhale usiku umene foni siilira amadzuka nthawi yomweyo n'kuiyang'ana.

Tinakambirana nthawi yaitali, ndipo za chishango tinaziiwala. Nambala yatsopano anaikana, anati munthu amene wazolowera mawu amodzi saimbira mlendo. Tinagwirizana zoti mausiku awiri pasabata foni yawo izitumiza oimba ku foni ya bungwe, imene tizisinthana mlangizi, ine ndi ena awiri ophunzitsidwa kumvetsera, ndi kuti iwowo ayambe awauza okha anthu awo zisanachitike. Ndinamva bwino kuti anati "anthu", koma maganizo anga anali pa sajeni uja, ndiye liwulo linangondidutsa. Anavomeranso kumakumana ndi mlangizi kamodzi pamwezi, ngakhale anati akupita kukamuphunzitsa, osati kukathandizidwa. Za Loweruka anati abwera kudzaombera m'manja bambo a galimoto, ndipo zina zonse ndikafunse mwini nkhani.

Pobwerera ndinakumbukira nkhani imene ndimakamba pophunzitsa mavolontiya atsopano. Pa 24 Juni 1859 kunali nkhondo ku Solferino, kumpoto kwa Italy, ndipo asilikali zikwizikwi anatsala ali ovulala popanda owasamalira. Henry Dunant, wamalonda wa ku Geneva amene anafika kumeneko pa zake, anasonkhanitsa amayi a m'tauni ya Castiglione kuti azitsuka mabala ndi kumwetsa madzi ovulala osayang'ana kuti ndi a mbali iti. Amayiwo ankati tutti fratelli, kutanthauza kuti onse ndi abale. Mmenemo ndimo munachokera bungwe la Red Cross mu 1863. Dunant malonda ake anagwa mu 1867, anasauka n'kuiwalika, mpaka mtolankhani wina anamupeza mu 1895 akukhala m'kachipinda ka chipatala ku Heiden, ku Switzerland. Mu 1901 analandira mphotho yoyamba ya Nobel ya mtendere pamodzi ndi Frédéric Passy. Nthawi zonse ndimaimalizira pamenepo, kuti ophunzira amve kuti kuthokoza kumachedwa koma kumafika. Tsiku limenelo ndinaona kuti nkhaniyi ndimaikamba ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene anagwada pansi ndi mabeseni aja amangotchulidwa pamodzi, amayi a ku Castiglione.

Lachisanu sindinafunikire kukafuna mwini nkhani. Anabwera yekha, 8 koloko isanakwane, malaya atasitidwa mpaka mizere kuoneka. Anakana mpando.

"Mayi, ndabwera kudzatenga kalata ya akazi anga."

Mkazi wake anali atamuuza usiku wapitawo. Ndinatsegula kabati n'kumupatsa envelopu ija. Ndinamuonetsanso pakompyuta zimene ndinalemba Lolemba, ndipo ndinazifufuta iye akuona. Kenako ndinamuuza chinthu chimene ndikanatha kubisa: kuti ndinaziwerenga pamaso pa komiti, ndi kuti a Meja anamuzindikira.

Anayang'ana khoma nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo akanakalipa ndikanangolandira. M'malo mwake anafunsa kuti, "A Meja anati chiyani?"

Ndinati sananene chilichonse choipa, anangofunsa ngati ndi iyeyo.

"Iwonso anaona zawo," anatero, ngati akudzilankhulira. Apo ndi pamene anakoka mpando n'kukhala.

Anati zimene mkazi wake analemba n'zoona, palibe bodza ngakhale limodzi, koma ndi zake, ndipo tsiku limene adzafune kuzinena adzazinena ndi pakamwa pake. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma anati mayi aja asawamane ulemu chifukwa cha iye. Ndinamufotokozera vuto la a Meja, kuti chishango chimafuna chifukwa. Anatenga fomu imodzi yosalemba patebulo panga, anaitembenuza, analemba kumbuyo kwake mzere umodzi ndi zilembo zikuluzikulu, n'kundikankhira.

"Muwerenge zimenezi basi. Osawonjezera."

Ndinaimbira mayi aja n'kuwawerengera. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ngati ndi zokhazo, chabwino, koma chithunzi ayi, kanema ayi. Wofalitsa nkhani wathu anakhumudwa ndipo sanabise. A Meja anawerenga pepalalo, analitembenuza, analibweza osanena kanthu, ndipo kwa iwo kumeneko ndi kuvomera. Tsiku lonselo linathera pa mipando yosakwana, chingwe cha zokuzira mawu chimene chinasowa, ndi ulendo wachiwiri kwa wozokota uja, amene anandilandira ndi kumwetulira kwa munthu wopambana mlandu.

Loweruka holo inadzaza kuposa mmene tinkayembekezera. Okalamba anabwera ndi mamendulo pachifuwa, ena pa njinga za olumala, ena atagwira mikono ya adzukulu. Tinayamba ndi lipenga ndi mphindi ziwiri za chete, monga zakhala zikuchitikira kuyambira pa 11 Novembala 1919 pamene Mfumu George V inapempha anthu ake kutero. Mwana wina analira mkati mwa chetemo, ndipo palibe anatembenuka.

Bambo a galimoto analandira chishango chawo, anachiyang'anitsitsa, n'kundinong'oneza kuti dzina lawo lalembedwa bwino koyamba chiyambire ntchito. Sindinawauze kuti chinali chachiwiri. Amayi a maluwa anabwera onse pamodzi kutsogolo, ndipo holo inachita phokoso. Mnyamata wa mafomu anaomberedwa m'manja kwambiri ndi agogo a penshoni aja, ngakhale penshoniyo siinatulukebe.

Kenako ndinapereka kwa mlendo wolemekezeka pepala lomaliza. Anatchula dzina la mayi aja, n'kuwerenga kuti, "Mayi awa amayankha foni ikalira usiku." Anaima, anayang'ana kumbuyo kwa pepala kufuna zotsala, anandiyang'ana ine. Ndinagwedeza mutu kuti zatha.

M'manja munaombedwa mwa apo ndi apo, mwa anthu osadziwa chimene akuombera. Ndinaona mmodzi wa amayi a maluwa akufunsa mnzake ndi maso. Mayiwo ananyamuka kumbuyo kumene anakhala n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono pakati pa mipando. Sajeni uja anali pafupi ndi khomo, ndipo sanasunthe, anangoyang'ana pansi manja ali pamaondo. Amene anaimirira anali ena. Bambo wina wa imvi kumanzere, amene ndimamudziwa ngati munthu wanthabwala. Mnyamata wina amene anatuluka usilikali posachedwa. Wachitatu sindinkayembekezera n'komwe kuti abwera. Sanachite sawasha, sanaombe m'manja, anangoima chilili aliyense pamalo pake, osayang'anana, mpaka mayiwo atabwerera pampando. A Meja, amene anali pambali panga, anatulutsa kampango n'kuyamba kupukuta magalasi amene sanali akuda.

Anthu akubalalika, wofalitsa nkhani uja anabwera kudzandifunsa kuti alembe chiyani za mphotho yomalizayo. Ndinati alembe mzere womwewo. Mayiwo anandipeza ndikupinda nsalu za patebulo, anandipatsa chishango chija kuti ndiwasungire kuofesi chifukwa kunyumba kwawo kumabwera alendo ofunsa mafunso. Anandikumbutsa kuti usiku umenewo ndi woyamba wa mausiku awiri aja, ndi kuti anthu awo onse awauza. Ndinafunsa kuti onse ndi angati. Anati ndidzawerenga ndekha, popeza kuwerenga ndi ntchito yanga.

Mlangizi anali ndi ulendo, choncho foni ya bungwe inagona kwa ine. Ndinaiika pampando pafupi ndi bedi, pambali pake pepala la manambala a chipatala ndi a mlangiziyo. Inalira 2 koloko itangodutsa. Ndinatchula dzina langa ndi la bungwe, ndinati mayi aja akupuma lero ndipo ine ndilipo. Kumbali inayo kunali kupuma kokha, kenako foni inaduka. Ndinakhala tsonga mumdima, ndikulimbana ndi mtima woti ndiimbenso ndekha, nambala ili poyera pagalasi la foni. Patapita mphindi ngati khumi inaliranso.

"Pepani mayi," anatero mawu aamuna amene sindinawazindikire. "Anandiuza kuti mukhala inuyo. Ndimafuna ndione ngati muyankhe kachiwiri."

Ndinati ndayankha. Ndinakoka bulangete n'kutsamira khoma.